Kuchipatala Masana, Kunyumba Madzulo: Chithandizo cha Ana Ovutika Maganizo ku Cape Town

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Moni kwa inu a ku Masiphumelele, a ku Imizamo Yethu ku Hout Bay, a ku Capricorn, Dunoon, Philippi, Delft ndi Khayelitsha. Moni kwa inunso achibale amene mukutimvera muli kumudzi, kaya ndi ku Mangochi, ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Chipata kapena ku Tete. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo wa banja. Lero tikamba za ana ndi achinyamata amene akuvutika maganizo, komanso za njira ina yowathandizira imene makolo ambiri sanaimvepo. M'njira imeneyi mwana amapita kukalandira chithandizo m'mawa, amaswera komweko, madzulo n'kubwerera kudzagona kwawo. Amayi, ngati muli pamoto, kwezani wailesi pang'ono. Abambo, musachoke, nkhaniyi ndi yanunso.

Tiyambe ndi kukula kwa vutoli. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka zapakati pa 10 ndi 19, mmodzi amakhala ndi matenda okhudza maganizo. Limatinso theka la matenda oterewa limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Kuno ku Western Cape, akatswiri atawerengera mu 2006 anapeza kuti ana ndi achinyamata pafupifupi 17 mwa 100 alionse ali ndi vuto lotere. Choncho mukaima pageti la sukulu nthawi yoweruka, ana akutuluka piringupiringu ndi zikwama kumsana, dziwani kuti m'kalasi iliyonse muli angapo amene mumtima mwawo simuli bwino.

Mwana sangabwere n'kunena kuti, "Amayi, ndili ndi nkhawa." Vuto lake limatulukira m'zochita. Wina ali ndi zaka 10, anasiya kalekale kukodza pogona, lero wayambiranso. Wina m'mimba mumangomupweteka m'mawa uliwonse wa tsiku la sukulu, koma Loweruka ali bwinobwino. Wina chitseko chikangomenyeka ndi mphepo, wathamangira kunsi kwa bedi, thupi lonse likunjenjemera. Wina sakhazikika ngakhale mphindi zisanu, aphunzitsi atopa naye, ndipo makalata oitana makolo achuluka. Mtsikana wina wangoti zii, sadya, sacheza ndi anzake, ndipo amavala juzi ya manja aatali ngakhale dzuwa la Januwale likuswa mtengo, chifukwa akubisa mabala amene wadzicheka yekha pamkono.

Ife makolo tili ndi mayina athu a zinthu zimenezi. Timati ndi mwano, timati ndi ulesi, timati ndi kupulupudza, ena amati wachita kulodzedwa. Kenaka pamabwera mkwapulo. Mkwapulowo ukalephera pamabwera wina wokulirapo, koma mwana amangoipiraipira. Tikumbutsane kuti mu Sepitembala 2019 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko la South Africa linagamula kuti kumenya mwana, ngakhale pakhomo panu pomwe, n'kulakwira lamulo. Koma ngakhale lamulolo likanakhala kulibe, mkwapulo sunachizepo mantha, sunachizepo chisoni.

Nanga zimachokera kuti? Mavuto ena mwana amabadwa nawo, monga autism, imene imachititsa kuti mwana avutike kulankhulana ndi kucheza ndi anthu, kapena ADHD, imene imamulepheretsa kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ena amayenda m'magazi a banja. Ena amabwera ngati mayi ankamwa mowa ali woyembekezera, vuto limene chigawo chino cha Western Cape chimadziwika nalo kwambiri. Koma ambiri amabwera chifukwa cha zimene mwana waona ndi kumva. Ana a ku Cape Flats amagona akumva kulira kwa mfuti za magulu a zigawenga. Ana a ku Imizamo Yethu anaona moto wa mu Malichi 2017 ukupsereza timanyumba ta malata tambirimbiri, ndipo a ku Masiphumelele anaona zomwezo mu Disembala 2020. Palinso chilonda china chimene ndi chathuchathu ife obwera. Mwana waleredwa ndi agogo kumudzi kuyambira ali wakhanda. Ali ndi zaka 9 kapena 10, akumukweza basi kuti akakhale ndi mayi amene amangowadziwira pafoni. Akufika kuno akupeza Chingelezi, Chixhosa ndi Chiafrikaans, anzake akumunena chifukwa cha kalankhulidwe kake, amayi akunyamuka kusanache kupita kuntchito, akubwera kutada. Mwana wotere akayamba ndewu kapena akangokhala duu osalankhula, timvetse kumene zachokera.

(NYIMBO YAPAKATI)

WOULUTSA: Tsopano tione njira zothandizira. Makolo ambiri amadziwa ziwiri zokha. Yoyamba ndi kupita kukaonana ndi adokotala kapena anesi patsiku limene akulemberani, kucheza nawo kwakanthawi, kulandira mankhwala ngati akufunika, n'kubwerera kunyumba mpaka tsiku lina. Kwa ana ochuluka njira imeneyi imakwanira. Yachiwiri ndi kugonekedwa m'chipatala, ndipo imeneyi ndi imene timaiopa. Tikangomva za chipatala cha maganizo, mtima umathamangira ku Zomba, timaganiza za kutsekeredwa, timaganiza zimene anthu adzanena. Mantha amenewa achititsa mabanja ambiri kubisa mwana m'nyumba mpaka matenda atakula.

Pakati pa ziwirizi pali njira yachitatu, chithandizo cha masana. Chimakonzedwera mwana amene vuto lake lakula moti kuonana ndi dokotala kamodzi pamwezi sikukuthandiza, kusukulu zavutiratu, koma angathe kugona kwawo popanda chiopsezo pa moyo wake kapena wa ena. Nzeru imeneyi si yalero. Zipatala zoyamba zothandiza odwala maganizo masana okhaokha zinayamba ku Moscow m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1946 zinatsegulidwanso ku Montreal ndi ku London. Poyamba zinali za akuluakulu, kenaka madokotala anaona kuti ana ndiwo angapindule nazo koposa, popeza mwana kumuchotsa pakati pa abale ake ndi chinthu chimene chimamupweteka pachokha.

Ife a ku Malawi nzeru yotereyi timaidziwa kale kuchokera ku matenda ena. Kale mwana wonyentchera ankagonekedwa m'chipatala milungu yambiri, amayi ali pambali pake, kumunda kutaima, ana ena atasiyidwa okha. Chitabwera chiponde, ana ambiri anayamba kuchirira pakhomo. Amayi amapita naye kukamuyeza, amalandira malangizo ndi chiponde, koma ntchito yomudyetsa tsiku ndi tsiku imachitikira kunyumba. Chithandizo cha masana cha maganizo chimayenda chimodzimodzi: akatswiri amagwira mbali yawo, banja limagwira mbali yake, ndipo mbali imodzi ikagona, inayo siingapite patali.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Dokotala amene amaona mwana kwa theka la ola amangomva zimene mwamuuza. Koma gulu limene limaswera naye limaona ndi maso awo chimene chimamukwiyitsa, mmene amachitira akagonja pamasewero, mmene amadyera, nthawi imene amatopa, ndi mawu amene amamukhazika mtima pansi. Chimene waphunzira masana amakachiyesa madzulo omwewo pakati pa abale ake, ndipo zikakanika, mawa lake amakazikonzanso. Maphunziro ake saima. Ndiponso mwana sadziona ngati wotayidwa, chifukwa usiku uliwonse amadya nsima pamodzi ndi makolo ake.

Tiyeni tilione tsiku limodzi pafupi. Ndondomeko zimasiyana malo ndi malo, koma zambiri zimayenda motere. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 9 amene amamenya anzake ndi kugenda mipando akakwiya. Akafika m'mawa, anesi amamulonjera ndi dzina lake n'kufunsa amene wamuperekeza kuti usiku wagona bwanji. Kenaka ana amakhala mozungulira, kagulu kochepa, aliyense n'kunena mmene wadzukira. Amene mawu akumusowa amaloza chithunzi cha nkhope, yosekerera, yokwiya kapena yolira. Zikuoneka zazing'ono, koma mwana amene waphunzira kunena kuti "ndakwiya" wayamba kale kusiya kugenda mpando.

Ikakwana nthawi ya kalasi, mphunzitsi amakhala ndi ana owerengeka, ndiye amazindikira msanga ngati mwanayo amachita ndewu pofuna kubisa kuti satha kuwerenga. Tinene kuti pensulo yake yathyoka, nkhope yayamba kusintha, zibakera wakunga. Palibe amene akumukalipira. Mmodzi mwa osamalira akugwada kuti maso awo alingane, akumulankhula motsitsa mawu, akupita naye pamalo abata kuti apume mokoka mpweya mpaka thupi litamasuka. Mtima ukatsika m'pamene akukambirana chimene chachitika, ndipo akubwerera kukamaliza ntchito imene anaisiya. Akaimaliza akumuyamikira pomwepo, momutchulira chimene wachita bwino. Zimenezi zikachitika mobwerezabwereza, tsiku ndi tsiku, mwana amaphunzira kuti mkwiyo umabwera ndipo umatha popanda kuswa kanthu.

Masana pamakhala chakudya, masewero, kujambula, kuumba ndi ntchito zina zamanja motsogozedwa ndi katswiri wa zimenezo. Masiku ena mwana amacheza payekha ndi katswiri wa kaganizidwe ka munthu, ndipo kwa ana aang'ono kuchezako kumachitika ndi zidole, popeza zimene pakamwa pakulephera kunena, manja amazionetsa. Dokotala amaona ngati pakufunika mankhwala, n'kumatsatira mmene akugwirira ntchito. Si mwana aliyense amene amapatsidwa mankhwala. Kwa achinyamata okulirapo, nthawi yambiri imapita pa zokambirana za pagulu: mmene angagonjetsere maganizo ofuna kudzivulaza, mmene angakanire chamba ndi mankhwala ena osokoneza bongo monga tik, mmene angalankhulire ndi makolo popanda kukangana. Chithandizochi chimatenga milungu ingapo, pena miyezi, ndipo kumapeto mwana amabwerera kusukulu yake pang'onopang'ono, aphunzitsi ake atauzidwa mmene angamuthandizire.

(NYIMBO YAPAKATI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za chithandizo cha masana cha ana ovutika maganizo kuno ku Cape Town. Funso limene lili m'mitima yanu ndi lakuti, kodi zimenezi zimapezeka kuti?

Kumbali ya boma, mzinda uno uli ndi malo atatu akuluakulu a akatswiri a maganizo a ana, ndipo alionse amalandira ana a madera ake. Oyamba ali pansi pa chipatala cha ana cha Red Cross War Memorial ku Rondebosch, chimene chinatsegulidwa mu 1956 ndipo chimagwira ntchito limodzi ndi University of Cape Town. Kumeneko kuli malo otchedwa Therapeutic Learning Centre, kapena kuti TLC, othandiza ana a msinkhu wa pulayimale amene mavuto awo a khalidwe ndi a maganizo akula kwambiri. Ana ena amagona komweko, ena amabwera masana okha, ndipo maphunziro amayendera limodzi ndi chithandizo. Malo achiwiri ali pachipatala cha Tygerberg ku Parow, chogwirizana ndi Stellenbosch University. Achitatu ali pachipatala cha Lentegeur ku Mitchells Plain, kumene kuli gawo loona za ana ndi mabanja komanso la achinyamata.

Tinene zoona: malo m'zipatala zimenezi ndi ochepa poyerekeza ndi ana ofuna thandizo, madokotala a maganizo a ana ndi owerengeka m'dziko lonse lino, ndipo kudikira kumakhalapo. Zipatala zolipira zilinso ndi mapulogalamu a achinyamata, koma mitengo yake ndi ya anthu okhala ndi inshulansi ya zachipatala. N'chifukwa chake mabungwe a m'madera ali ofunika kwambiri, ndipo ndi bwino muwadziwe.

Ku Khayelitsha kuli Empilweni, bungwe limene kuyambira m'zaka za m'ma 1990 lakhala likupereka uphungu kwa ana, achinyamata ndi makolo awo m'dera momwemo. Palinso Cape Mental Health, bungwe lakale koposa onse a zamaganizo m'dziko lino, limene linayamba mu 1913. Lili ndi malo osamalira ndi kuphunzitsa masana ana amene ubongo wawo uli ndi ulumali waukulu, ku Mitchells Plain, ku Heideveld ndi ku Khayelitsha. Ana oterewa kale boma linkawaona ngati osaphunzitsika, mpaka mu 2010 pamene khoti lalikulu la Western Cape linagamula kuti nawonso ali ndi ufulu wa maphunziro ndipo boma liyenera kuwathandiza. Kwa ana a autism kuli masukulu apadera monga Vera School ku Rondebosch East ndi Alpha School ku Woodstock. Kwa wachinyamata amene wakodwa m'mankhwala osokoneza bongo, Cape Town Drug Counselling Centre ili ndi maofesi ku Observatory ndi ku Mitchells Plain, ndipo amathandiza munthu akuchokera kunyumba. Palinso Waves for Change, imene inayambira ku Masiphumelele komweko. Iwo amatenga ana amene aona zoopsa n'kupita nawo kunyanja, ku Muizenberg ndi ku Monwabisi, kukawaphunzitsa kuyandama pamafunde ndi thabwa, pamodzi ndi njira zokhazikitsira mtima pansi. Si chipatala ayi, koma mwana amapezako akuluakulu omumvetsera ndi anzake omulandira.

Nanga khomo lolowera lili pati? Musayambire ku Rondebosch kapena ku Parow, chifukwa adzakubwezani kuti mukatenge kalata. Yambirani kukiliniki ya m'dera lanu kapena kuchipatala chaching'ono chija anthu kuno amachitcha day hospital. Nenani kuti mukufuna kuonana ndi anesi oona za maganizo. Tengani kabuku ka kusikelo ka mwanayo, malipoti a kusukulu, makalata onse amene aphunzitsi anakulemberani, ndi mankhwala alionse amene akumwa. Musananyamuke, khalani pansi mulembe papepala: vutoli linayamba liti, limachitika nthawi yanji, chinasintha n'chiyani pakhomo nthawi imeneyo. Anesi adzayamba ayeza thupi, chifukwa khunyu, kusamva bwino ndi kusaona bwino zimatha kuoneka ngati vuto la khalidwe. Akaona kuti pakufunika akatswiri, adzakulemberani kalata yopita patsogolo.

Khomo lachiwiri ndi sukulu. Kuyambira mu 2014 boma linakhazikitsa ndondomeko yakuti sukulu iliyonse ikhale ndi kagulu ka aphunzitsi koona za ana ofuna thandizo lapadera, ndipo kaguluko kangathe kuitana akatswiri a kuofesi ya maphunziro. Aphunzitsi akakuitanani, pitani. Musaope kuti akukakuimbani mlandu. Afunseni kuti, "Kodi mwana wangayu mungamulembere kuti akamuone akatswiri?"

(NYIMBO YAPAKATI)

WOULUTSA: Ndikudziwa kuti ena mukuti, "Zonsezo n'zabwino, koma ine mapepala anga sali bwino." Mvetserani. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, m'gawo 28, amati mwana aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo chofunikira cha zaumoyo. Akuti mwana aliyense, sakusankha kuti wobadwira kuti. Gawo 27 limati munthu asakanizidwe chithandizo pa ngozi kapena pa matenda adzidzidzi. Ndipo mu Disembala 2019 khoti la ku Makhanda linagamula kuti mwana asachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu chifukwa chosowa mapepala. N'zoona kuti nthawi zina mumakumana ndi munthu wolankhula zopweteka pakhomo la chipatala kapena pamzere. Zikatero musabwerere n'kukakhala pansi. Pemphani kuonana ndi mkulu wa pamalopo kapena social worker, ndipo zikakanikabe pitani ku Scalabrini Centre m'tauni, bungwe limene limathandiza anthu obwera kuchokera kumayiko ena. Za malipiro a kuchipatala chachikulu, funsani poyambirira pomwe, ndipo fotokozani moona mmene mumapezera ndalama.

Vuto lina ndi mayendedwe. Kuchoka ku Masiphumelele kapena ku Dunoon kupita ku Rondebosch tsiku ndi tsiku ndi matakisi angapo, ndalama zambiri, komanso nthawi imene abwana kuntchito sangakupatseni mosavuta. Ambiri mwa ife timagwira ntchito za m'nyumba, za m'maluwa, za m'malesitilanti, ndipo tsiku limene sunapite ndi tsiku limene sulandira. Musabise vuto limeneli n'kungosiya kupita mwakachetechete. Auzeni achipatala tsiku loyamba lomwe, kuti mukonzere limodzi chimene chingatheke. Pemphani kalata yokaonetsa kuntchito. Gawanani masiku pakati pa amayi, abambo, azakhali ndi amalume. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Timagulu tathu ta kumpingo, ta kumzikiti ndi ta anthu ochokera boma limodzi timadziwa kusonkha ndalama mwachangu pakagwa maliro kuti thupi lipite kumudzi. Tiyeni tiphunzirenso kusonkherana ya takisi kuti mwana wamoyo akalandire chithandizo.

Za chilankhulo: ngati Chingelezi chikukuvutani, nenani, ndipo pitani ndi munthu wamkulu amene mumamukhulupirira kuti akumasulireni. Musagwiritse ntchito mwana wodwalayo kapena mkulu wake ngati womasulira, chifukwa pali zinthu za m'banja zimene mwana sayenera kuzisenza.

Tsopano tifike pamtima pa nkhani yathu, mbali yanu makolo. Pulogalamu iliyonse ya masana imaitana makolo kumisonkhano, ndipo misonkhano imeneyi ndi gawo la mankhwala. Kumeneko mumaphunzira zimene osamalira aja amachita: kupereka lamulo limodzi lomveka m'malo mwa asanu nthawi imodzi, kuyamikira chabwino mwana akangochichita, kulanga popanda kumenya kapena kunyoza, kusunga nthawi yofanana yodyera ndi yogonera. Mumaphunzira kupatula mphindi zochepa tsiku lililonse zokhala ndi mwanayo, foni ili pambali, iye n'kusankha chochita. M'kanyumba ka chipinda chimodzi zimenezi n'zotheka ndithu. Mukhoza kusenda naye mbatata, kusewera naye bawo, kapena kumufotokozera za kumudzi kumene anachokera. Abambo, nthawi zambiri pamisonkhano yotereyi pamadzaza amayi okhaokha. Mnyamata amene akuona bambo ake atakhala pampando m'chipinda cha uphungu amadziwa kuti vuto lake si chinthu chochititsa manyazi.

Ena mukufunsa za mapemphero ndi zamakolo. Pempherani ndithu, itanani abusa kapena ashehe, chifukwa banja limene lili ndi chikhulupiriro limapeza mphamvu zopirira. Madokotala abwino sanyoza zimenezi. Dr Vera Bührmann, mmodzi mwa madokotala oyambirira a maganizo a ana mumzinda uno, amene Vera School inatengera dzina lake, anatha zaka zambiri akupita kukaphunzira kwa asing'anga a Chixhosa mmene iwo amathandizira anthu ovutika maganizo. Chimene tikukupemphani n'chakuti musamusiyitse mwana mankhwala popanda kufunsa adokotala, muwauze ngati akumwanso mankhwala azitsamba, ndipo musalole munthu aliyense kumumanga, kumumenya, kumusalitsa kudya kapena kumutchula mfiti m'dzina la kumuchiritsa.

Nanga kumutumiza kumudzi? Mabanja ambiri zikavuta amati, "Angopita kwa agogo ake, akaphunzire mwambo." Nthawi zina kumudzi kumamuthandizadi mwana, makamaka ngati kuno ali pakati pa magulu oipa. Koma matenda amakwera nawo basi yomweyo, ndipo mwana amene anasiyidwapo kale akhoza kumva kuti wakanidwa kachiwiri. Ngati mwaganiza zotero, yambani mwakambirana ndi achipatala ndi mwanayo. Atenge kalata yofotokoza matenda ake ndi mankhwala okwanira. Ku Malawi thandizo liliko: chipatala cha Zomba Mental, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso anesi a zamaganizo m'zipatala za m'maboma. Inu agogo amene mukutimvera kumudzi, mdzukulu akafika ndi kalata yotere, musaiike pansi pa sutikesi. Pitani nayo kuchipatala.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Pali nthawi zina zimene simuyenera kudikira kalata kapena tsiku. Mwana akanena kuti akufuna kufa, akamwa mapiritsi ambiri, akadzivulaza kwambiri, akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, akasokonezeka mwadzidzidzi osazindikira anthu, kapena akakana chakudya ndi madzi, pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi cholandira odwala mwadzidzidzi, monga False Bay ku Fish Hoek, Victoria ku Wynberg, Khayelitsha kapena Mitchells Plain. Musamusiye yekha. Chotsani mankhwala, poizoni wa makoswe, zingwe ndi mipeni pamalo amene angazipeze. Ndipo musaope kumufunsa molunjika kuti, "Mwanawe, kodi ukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimuika maganizowo m'mutu. Limamupatsa mpata wolankhula.

Inu achinyamata amene mukumvetsera, mwina pafoni, mwina muli chogona: chimene mukumva mumtimamo chili ndi chithandizo, ndipo anzanu ambiri anadutsamo n'kupeza bwino. Lamulo loteteza ana la mu 2005 limalola mwana wa zaka 12 kupita m'tsogolo, amene akumvetsa bwino nkhani yake, kuvomera yekha chithandizo cha kuchipatala. Choncho mukhoza kupita kukiliniki n'kukalankhula ndi anesi. Koma ngati n'kotheka, pezani munthu wamkulu mmodzi amene mumamudalira, kaya ndi azakhali, aphunzitsi kapena amayi a mnzanu, mumuuze.

Tengani cholembera, ndikupatseni manambala. Childline, ya ana ndi makolo, ndi 116, ndipo ndi yaulere. Ndibwereze: 116. Nambala yomweyi imagwiranso ntchito ku Malawi pothandiza ana. Ya bungwe la SADAG, kwa amene ali ndi maganizo ofuna kudzipha, ndi 0800 567 567. Ndibwerezenso: 0800 567 567. Ya ambulansi ndi 10177, kapena 112 pafoni yam'manja.

Makolo anzanga, m'mera m'poyamba. Ngati pamene timakamba pano nkhope ya mwana wina yakhala ikubwera m'maganizo mwanu, kaya ndi wanu, wa mchemwali wanu kapena wa aneba, musadikire kuti chaka chithe. Usiku uno lembani zimene mwakhala mukuziona. Mawa kambiranani ndi mnzanu wa m'banja. Mlungu uno usanathe, kafikeni kukiliniki kapena kwa aphunzitsi ake, ndipo akakupatsani tsiku lakutali, lisungeni, n'kumafunsa mabungwe tawatchula aja chimene angachite pamene mukudikira.

(NYIMBO YOTSEKERA)